Kabati ya akunyumba

Lolemba kunacha ndi mphepo ya mu Juni ija yoti ngakhale hamala imazizira m'manja. Galimoto ya matabwa inafika kushedi kwathu ku Mchesi cha m'ma 9 koloko, paini wa ku Chikangawa, theka lake wosauma. Ndinakangana ndi mwini katunduyo mpaka mawu kusasa. Thabwa laliwisi limanamiza: lero walikhoma bwinobwino, mkuja lapindika, mpata waoneka. Ukakhala mpando, kasitomala amabweza n'kukonza. Bokosi la maliro silibwerera kushedi. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zolowa m'bokosi zinakwera, misomali, guluu, vanishi, zogwirira, ngakhale nsalu yoyera ya m'kati. Koma munthu amene misozi ili m'masaya sungamuwerengere zimenezi.

Ntchitoyi ndakhala nayo zaka zoposa 20. Ndinayamba ndili mnyamata wopala matabwa pamene Edzi inkapulula anthu, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Tinkagona kushedi komweko, bokosi likunyamulidwa vanishi asanaume. Ndinaonanso Januwale wa 2021, pamene nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid, bwalo la Bingu n'kusanduka chipatala. Odutsa m'njira ena amatiloza n'kumati awo amapempherera kuti anthu azifa. Sindiwakwiyira. Ine ndemwe ndinkayesa kuti imfa ndinaizolowera, kufikira mu Okutobala chaka chatha pamene akunyumba anatisiya, atangodwala masiku 9. Bokosi lawo sindinakhome ine, manja anakana. Anakhoma ndi anzanga a shedi yoyandikana, omwe timalandana makasitomala tsiku ndi tsiku, ndipo sanalandire ngakhale tambala.

Lachiwiri kunabwera amuna atatu ochokera ku Area 23. Atsibweni a malemu analoza bokosi la fomeka, lodula kuposa onse. "Tisachite manyazi pamaso pa anthu," anatero. Mwana wa malemu anali cheteee, akungoyang'ana mu Airtel Money ngati ndalama ziswana akaziyang'anitsa. Ndinamukokera kuseri.

"Achimwene, mukabwerako kumanda, kunyumba kwatsala angati?"

"Amayi ndi ana anayi."

"Tengani lapainilo. Ndipaka vanishi kawiri, palibe adzakunene."

Atsibweni ananyinyirika, koma analolera. Mnyamata wanga wamkulu anadandaula kuti, "Abwana, mwataya ndalama zoonekeratu." Sananame. Komatu ndaona zambiri: munthu adwala miyezi, wosowa womugulira ngakhale shuga wa m'phala, tsiku lomwalira abale onse atulukira ndi ndalama za fomeka. Ulemu umenewo ine umandiwawa, ngakhale ndi umene umandidyetsa.

Tsiku londilemera linali Lachitatu. Cha m'ma 10 koloko kabaza wa njinga yamoto anatsitsa bambo wina wachichepere, wochokera ku mochale ya ku Kamuzu Central. Sanapereke moni. Anangotulutsa m'thumba kansalu kong'amba ku chitenje, atakamanga mfundo kumapeto, n'kundipatsira. Ndiwo muyeso wa mwana wake. Kansaluko sikanafike ngakhale kuchokera paphewa langa kukafika ku zala. Timabokosi ta ana sitisungiratu, ine ndinakana kalekale zoti tizioneka panja, choncho ndinamuuza kuti adikire maola awiri. Anakhala pa mulu wa matabwa.

Ndili m'kati mocheka anandifunsa, "Bambo, inu mumapemphera?"

"Eya, ndine wa CCAP."

"Ndiye mundiuze. Dzulo usiku Mulungu anali kuti?"

Ndinapitiriza kucheka. Mayankho ndikuwadziwa onse, chifukwa anandiuza pa siwa ya akunyumba. Ndi chifuniro cha Mulungu. Anawakonda koposa. Musalire ngati osakhulupirira. Onena ankanena ndi mtima wabwino, koma aliyense akatero ndinkafuna kudzuka n'kuthawira kumunda. Amene anandigwira mtima anali mkulu wa mpingo wina wokalamba, amene anakhala pambali panga usiku wonse osanena kanthu, akungosonkhezera moto. Anzake a Yobu nawonso anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba aja, atakhala naye pansi duu. Zinayamba kusokonekera atatsegula pakamwa. Ndipo Yesu pamanda a Lazaro, akudziwa kuti amuukitsa posachedwa, anayamba walira kaye.

Ndiye ndinangoti, "Achimwene, inenso funso limenelo ndinafunsa mu Okutobala. Sindinayankhidwebe. Koma kutchalitchi ndikupitabe, ndipo ndikufunsabe."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Palibe choti ndigwireko?" Ndinamupatsa sandipepa ndi chivundikiro. Anakhula thabwalo mofatsa, kubwereza ndi kubwereza, mpaka linasalala kuposa mmene ife timachitira. Anyamata anafuna kumulanda kuti tifulumire, ndinawakodola kuti amusiye. Titamaliza anakulunga kabokosiko m'chitenje, n'kukafungatira pamiyendo, kabaza n'kuliza njinga kulowera ku mochale. Ndinamulipiritsa matabwa okha. Dzina lake sindinafunse.

Lachinayi ntchito inali yamasiku onse, mabokosi awiri a akuluakulu ndi benchi ya pa golosale ina ku Biwi. Madzulo ndikufika kunyumba ndinapeza amayi a Chigwirizano asanu ali pakhonde, zoyera ndi zakuda zawo zili mbee, atabwera ndi ufa ndi kamtolo ka nkhuni. Chichokereni mnzawo, mwezi sudutsa osabwera. Anaimba, anapemphera, tinamwa tiyi. Potsanzika, gogo wina amene saopa munthu anandiyang'ana n'kuti, "Bambo, nanga kabati ija munamaliza?"

Ndinauma pakamwa. Sindinkadziwa kuti nkhaniyo inafika mpaka ku Chigwirizano. Akunyumba anandipempha kabati ya ziwiya kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mbale zathu zimakhala m'beseni pansi pa tebulo, makapu m'katoni. Mkazi wa kalipentala! Ankaseka okha akamanena. Ine yankho linali limodzi: ndikangomaliza oda iyi. Mu 2019 ndinagula matabwa a mbawa abwino kwambiri n'kuwakweza kudenga la shedi, ndinawauzanso kuti matabwa apezeka, chatsala n'kukhoma. Oda inatha, ina inabwera. Mabokosi sadikira, kabati ingathe kudikira, ndimo mmene ndinkawerengera. Ndinkathamangira akufa, wamoyo ndikumuuza kuti mawa.

Gogoyo sanadikire yankho. Anangoti, "Mwana wanu wamkazi akadali kuwerama pa beseni lomwe lija," n'kutsika pakhonde.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinatsegula Salimo 90, limene abusa anawerenga kumanda ku Area 18. Limati zaka zathu ndi 70, kapena 80 tikakhala ndi mphamvu. Akunyumba anapatsidwa 46. Pamaliro ndinangomva nambala zimenezo n'kukwiya, ndikuchotsera ngati munthu wobedwa chenji. Vesi 12, yopempha kuti Mulungu atiphunzitse kuwerenga masiku athu, sindinaimve n'komwe. Ine amene tepi sichoka m'thumba, woyeza anthu utali ndi m'lifupi tsiku lililonse, sindinaganizepo kuti wa m'nyumba mwanga nayenso ali ndi malire ake.

Lachisanu magetsi anazima 7 koloko isanakwane. Makina onse zii. Masiku ena ndikanatukwana n'kukakhala pa bawo ndi anyamata. Ndinakwera pa benchi n'kutsitsa matabwa aja, fumbi ndi ndowe za makoswe zikundigwera m'maso. Anali atauma gwa, ofiirira bwino, opanda chiswe. Ndinayamba kuwapala ndi manja, monga ndinaphunzirira ndisanadziwe makina. Mbawa imamveka fungo lake ukaipala, losiyana ndi utomoni wa paini umene unandilowa m'zovala zonse. Mnyamata wanga anafunsa, "Abwana, oda ya ndani imeneyi?" Ndinati ya kunyumba. Anandiyang'ana, n'kusiya bawo, n'kubwera kudzagwira thabwa kumapeto. Magetsi anayaka 3 koloko masana, koma sindinayatse makina.

Ndisaname, mtima sunapepuke. Ndikukhoma ndinkangoona mwini kabatiyo akulongedza mbale zake, ndipo kawiri konse ndinatuluka kukaima kuseri kwa shedi. Kabati siidzawabweza, ndiponso sindikhulupirira zoti akuiona kumene aliko n'kumasangalala, zimenezo ndi zodzitonthoza chabe. Anaifuna ali moyo, sanaipeze. Mlandu umenewo ndinautula kwa Mulungu m'pemphero, ndipo ndikhulupirira kuti anandikhululukira, koma kukumbukira kokha sanandichotsere.

Loweruka mwana wanga, amene ali Fomu 3, anabwera ndi nsima ya masana. Ataona chimangocho anaima, kontena ili m'manja.

"Adadi, ndi ija?"

"Ndi yomweyo."

Sanalire. Anatenga pensulo yanga n'kuyamba kulemba pathabwa pamene mashelefu akhale, wapansi wotalikirapo kuti poto wamkulu wa amayi ake alowe. Ndinatsatira mizere yake ngakhale ina inali yokhota. Tili pa shelefu yachitatu foni inalira, ngozi pa msewu wa M1, akufuna mabokosi awiri dzuwa lisanalowe. Ndinauza anyamata ayambe kudula, ine ndibwera ndikakhoma shelefuyi. Inanditengera mphindi 20. Mabokosi anatuluka pa nthawi yake, ndipo kabati tinaikweza pa ngolo yokankha mdima utagwa, yopanda zitseko, yopanda vanishi.

Lero Lamulungu sindigwira chida. Pochokera kutchalitchi ndapeza mbale zili kale m'mashelefu, makapu atandandalika, beseni lija lili panja akuchapiramo. Ndinati zitseko ndiika ndikagula mahinjesi. Mwana anatambasula dzanja.

"Ndipatseni ndalamayo, adadi, ndigula ndekha pochokera kusukulu. Inu munena kuti mawa."