Hilux yotentha ikaima: zomwe ndaphunzira ku galaja sabata ino

Ndatha miyezi 7 ndikuphunzira umakaniko pa galaja ina pa Chitakale, ndipo madzulo aliwonse ndimalemba m'kope zomwe ndaona tsikulo. Tsamba la Lachiwiri lapitali ladzaza mpaka m'mphepete.

Kunabwera Toyota Hilux yakale ya dizilo, ya injini ya 3L. Eni ake ndi mayi ena amene amapikula zinanazi kuno n'kukagulitsa ku Limbe. Atangoti galimoto ikutentha, ine ndinathamangira sipanala, mutu uli pa themositati, kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku radiyeta. Paja ambiri amati kuno n'kotentha kale, themositati ndi ya kwa azungu kozizira, ingochotsani. Madala amene amandiphunzitsa anandigwira mkono. Boneti sanatsegule n'komwe.

"Mayi, imatentha nthawi yanji? Pokwera mtunda, kapena mukaima?"

"Pamsewu ilibe vuto, bambo. Zitunda zonse za ku Thyolo zija ndimakwera muvi woonetsa kutentha uli pakati. Koma ndikaima pa Limbuli kuti anyamata apakire katundu, injini ikulira, muvi umakwera mpaka pofiira. Ndikanyamuka umatsikanso."

Madala anatembenukira kwa ine. "Wamva, mphwanga? Tandiuza, galimoto ikaima chimasowa n'chiyani?"

Ndinakhala chete kanthawi, kenako ndinati mphepo.

Galimoto ikamathamanga, mphepo imadzilowera yokha kutsogolo n'kuziziritsa madzi a mu radiyeta. Ikaima, ntchito yonseyo imatsalira fani. Themositati ikanakhala kuti yakanirira yotseka, madzi sakanafika ku radiyeta, ndipo injini ikanawira kwambiri pamtunda itasenza zinanazi, osati poima. Ndinazindikira kuti ndikanachotsa chinthu chabwinobwino. Chimatseguka madzi akafika pafupifupi madigiri 82, kuti injini ifunde msanga ndi kukhazikika pa kutentha koyenera. Popanda icho injini imayenda yozizira, imadya mafuta ambiri, imathanso msanga.

Tinadikira kuti izizire tisanakhudze chitsekero cha radiyeta. Pa chitsekerocho palembedwa 0.9, kusonyeza mphamvu imene chimapanikizira madzi kuti asawire pa madigiri 100 koma apirire mpaka kufupi ndi 120. Ukachitsegula injini ili moto, madziwo amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukira kumaso. Madala ali ndi chipsera padzanja cha zimenezi, ndipo pa lamuloli saseka ndi munthu.

Madzi anali odzaza, koma ofiirira ndi dzimbiri, poti mayi aja amangothira a pamjigo. Lamba wa fani anali wokungika bwino. Kenako Madala anati ndilize injini mpaka itenthe, ndiizimitse, ndichotse kiyi ndiike m'thumba, ndiye ndizungulitse fani ndi dzanja. Ndinangoikankha ndi chala, inazungulira yokha kangapo ngati gudumu la njinga.

Apa ndi pamene ndakhalitsa m'kope muja, chifukwa ndinkaganiza kuti fani ikamazungulira ndiye kuti ikugwira ntchito. Fani ya galimoto imeneyi sinamangiriridwe ku injini mwachindunji. Pakati pali kalachi yake, chimbale cha aluminiyamu chokhala ndi mafuta olimba a silikoni m'kati, ndipo kutsogolo kwake kuli kasipuling'i kopiringizika. Mpweya wotentha wochokera mu radiyeta ukakawomba, kamapotoka n'kutsegula kanjira, mafuta aja n'kulowa pakati, fani n'kugwira mwamphamvu. Mpamene umamva injini ikuchita mkokomo ngati mphepo ya chiperoni. Mafuta akatayika, fani imazungulirabe ndithu, maso n'kukhutira, koma mpweya imakoka wochepa. Pa chimbale chathuchi panali mzere wakuda wa mafuta osakanikirana ndi fumbi, umboni wakuti anakhala akudontha kwa nthawi yaitali.

Mnzanga wina anati tiyese kuigwira faniyo ndi nyuzi yopinda injini ikulira, monga amachitira ena. Madala anakana. Anati zala sizigulitsidwa ku Limbe.

Sizinathere pomwepo. Chipulasitiki chozungulira fani chija kunalibe. Mayi aja anati chinasweka chaka chatha, wina anawauza kuti n'chokongoletsa chabe, anachitaya. Zinandiwawa kumva zimenezo, chifukwa popanda icho fani imakoka mpweya wa m'mbali, wotentha kale, m'malo mokoka wodutsa mu radiyeta. Titaunika ndi tochi kuchokera kumbuyo, theka la m'munsi la radiyeta silinkaonetsa kuwala: njere za udzu, tizilombo ndi fumbi lofiira la misewu ya m'minda ya tiyi zinali zitamatirira. Tinatsuka ndi madzi a mphamvu yochepa, kuchokera mbali ya injini kupita kunja, kuti zinyalala zituluke momwe zinalowera komanso timapiko ta radiyeta tisapindike.

Pa kakonzedwe ndinatsutsana nawo Madala pang'ono. Ine ndinati tingoimanga fani ndi mabawuti kuti izizungulira limodzi ndi injini, ndalama za mayiwa zipulumuke. Iwo anati kutentha kungathe ndithu, koma fani yomangidwa imasokosa, imawonjezera dizilo, imalemetsa beling'i ya pampu ya madzi, ndipo mapiko apulasitiki akale amatha kuthyoka injini ikathamanga kwambiri n'kuboola radiyeta. Kwa munthu woyenda ulendo wa Mulanje ndi Limbe pafupipafupi, n'kungosamutsira vuto kutsogolo. Ndinavomereza, ngakhale ndikuonabe kuti utakhala patali usiku, kumanga kungakufikitse kunyumba.

Lachitatu kalachi ina ndi chipulasitiki chija zinabwera kuchokera ku Limbe. Tinakhetsa madzi adzimbiri, kutsuka, kuthira kulanti (madzi a mankhwala oziziritsa injini), n'kusiya injini ikulira chitsekero chili chotsegula kuti mpweya wotsalira utuluke. Madala anati ndiyang'anitsitse pakamwa pa radiyeta. Thovu likamangotuluka osaleka, kapena oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti kutentha kuja kunapsereza kale gasiketi ya hedi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Mtima unali m'mwamba, poti ntchito imeneyo ikanadya phindu la maulendo angapo a mayi aja. Thovu linatuluka pang'ono poyamba, kenako madzi anakhala bata.

Tinatseka, n'kuisiya padzuwa la masana ikulira mphindi 40. Patapita kanthawi ndinamva fani ikugwira, mkokomo uja, ndipo nditaika kapepala kutsogolo kwa radiyeta kanamatirira kokha. Muvi sunadutse pakati.

Kalachi yakale ija sindinaitaye. Madala akuti za mtunduwu zimamasulika, ndipo ngati beling'i yake ikadali bwino umatha kuthiramo mafuta a silikoni atsopano. Ili pa benchi, Loweruka tiitsegula kuti ndione ndi maso anga kanjira kamene kasipuling'i kaja kamatsegula.