Kabokosi kobisa ndalama

Ndangochoka kumene kwa osema ziboliboli, ndipo mtima ukundiwawa. Achimwene ena andionetsa kabokosi ka m'bawa komwe anakaganiza okha. Ukaika ndalama yachitsulo ya K10 m'kadirowa n'kukankha, potsegula umapeza mulibe kanthu, yagwera m'kachipinda kobisika pansi. Pamwamba anaboola moika mabolopeni, m'mbali muli mosungira makadi. Ndawafunsa ngati analembetsa nzeru imeneyi, angopukusa mutu. Akuti anzawo anakopera kale, akugulitsa motchipa kwa alendo opita ku Cape Maclear.

Abale, anzathu kunja sasewera nazo zinthu zoterezi. Ku America, mayi Lizzie Magie anapatsidwa patenti (chikalata cha boma choletsa ena kukopera chomwe wapanga) ya masewera awo mu 1904, ndipo masewerawo ndi omwe anadzabala masewera otchuka a Monopoly. Masewera a makadi a Magic: The Gathering anapatsidwa patenti mu 1997. Ife kuno timangoti "ndi zoseweretsa", pomwe munthu wagona usiku wambiri akuyesa kuti kadirowa kaziyenda bwino osakakamira.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti njira ilipo. Malawi ali m'bungwe la maiko a mu Africa lolembetsa mapatenti la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare, komwe munthu atha kuteteza chomwe wapanga ngakhalenso kaonekedwe kake m'maiko angapo nthawi imodzi. Koma umayenera kulembetsa chinthucho chisanafalikire, ndipo achimwenewa palibe anawauzapo. Inu odziwa zamalamulo muli ku Mangochi kuno, chonde tiyeni tikakhale nawo pansi amisiriwa tsiku limodzi, tiwafotokozere m'Chichewa ndi m'Chiyao.