Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Gitala la mphako

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ine ndi atsibweni tinasamutsa benchi yathu kuchoka ku Ngabu kudza ku Nchalo, potsata ndalama za kumapeto a mwezi za anthu ogwira ntchito kunzimbe. Nthawi imeneyo tinkapanga magitala a mitundu iwiri basi: la bokosi, losafuna magetsi, ndi lamagetsi la thabwa lathunthu. Ma pickup, tizipangizo totola mawu a nsambo n'kuwatumiza ku ampulifaya, tinkazula ku magitala akufa, ena ogula ku Limbe, ena obwera ndi anyamata ochokera ku Joni. Koma chimene chinkatidyetsa kwenikweni ndi kukonza: makosi opindika, mawaya a mkati oduka, zomangira nsambo zochita dzimbiri.

Nkhani ya mtundu wachitatu, gitala lamagetsi la mphako mkati, inabwera mu 2022. Mu Januwale namondwe Ana anawononga damu la ku Kapichira, konkuno kwathu, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka usiku. Oimba m'matchalitchi anayamba kudandaula kuti pakati pa sabata sakuphunzira nyimbo, poti jenereta abusa amaisungira Lamulungu. Ndiye kunabwera mnyamata wina woimba lidi kumpingo wina cha ku Bereu, foni ili m'manja, n'kutionetsa gitala lofiira lonenepa, la zibowo ziwiri zokhota m'mbali mwa nsambo.

"Madala, tipangireni ili. Magetsi akapita lizilira lokha, akabwera tizilowetsa mu ampulifaya."

Ine mtima unanditenga pomwepo. Ndinali nditatopa ndi kudula matabwa ofanana chaka ndi chaka, komanso ku chigwa chonse, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka, sindinamvepo za munthu wopanga lotere. Atsibweni anaiyang'ana foni ija nthawi yaitali, n'kuibweza.

"Chikomekome cha mkuyu, mphwanga. Ukaligulitsa lero, pofika Khirisimasi lidzakhala pabenchi pano, mwini wake ali chiimire pakhomo."

Tinakangana masiku angapo, ndipo mkanganowo ndi umene unandiwerengetsa mbiri ya magitala amenewa usiku, pa bandulo yotchipa. Ndinapeza kuti la mphako ndiye lakale. Mu 1936 kampani ya Gibson ku America inatulutsa ES-150, gitala la bokosi lokhala ndi pickup, ndipo Charlie Christian analitchukitsa m'nyimbo za jazz. Vuto linaonekera oimba atayamba kukweza mawu. Bokosi lopanda kanthu mkati limanjenjemera ndi mawu otuluka m'sipika, kunjenjemerako kumagwedeza nsambo, pickup imatola n'kutumizanso ku sipika, basi zinthu n'kumangozungulira mpaka gitala kuyamba kukuwa lokha. Ndicho chifukwa kampani ya Fender inabwera ndi la thabwa lathunthu mu 1950, Gibson n'kutsatira ndi Les Paul mu 1952. Kenako mu 1958 Gibson anatulutsa ES-335, lomwe m'mbali muli mphako koma pakati padutsa chipika cha mtengo, kuti ma pickup akhale pa chinthu chosagwedezeka. B.B. King, yemwe ankakonda magitala a mtunduwu, ankatseka zibowo ndi nsalu, ndipo lomwe anadzamupangira m'dzina lake linalibe zibowo n'komwe.

Nditawafotokozera atsibweni zonsezi sanatsutse. Anangotenga gitala lathu la bokosi, n'kumangirira pickup pabowo ndi mphira wa chubu, amvekere tiyeni kutchalitchi. Amene anapempherapo m'matchalitchi a kuno akudziwa mmene mumakhalira: denga la malata lopanda siling'i, pansi simenti, masipika aakulu ataikidwa kumbuyo kwa oimba, ndipo wa pamakina sadziwa kuti batani limabwereranso kumanzere. Jenereta italira, mnyamata uja sanamalize ngakhale mzere umodzi. Gitala linakuwa mpaka amayi amene ankasesa panja analowa kudzaona.

Titazimitsa jenereta chinaonekanso china. Gitala la bokosi limamveka chifukwa thabwa lake la pamwamba ndi lopyapyala ndipo silinyamula katundu. Ukaliboola n'kumangapo ma pickup awiri ndi mabatani anayi, kenako n'kuika chipika pakati poopa kukuwa, mawu ake opanda magetsi amakwanira munthu mmodzi m'chipinda. Kwaya ya anthu makumi awiri yokhala ndi ng'oma singalimve. Choncho lonjezo lomwe mnyamata uja ankalifuna, loti gitala limodzi ligwire ntchito ziwiri, ife sitikanalikwaniritsa, ndipo a ku America aja nawo salikwaniritsa. Atsibweni, omwe paunyamata wawo ankasema valimba ku Nsanje, anati mphako amaidziwa bwino kuposa ine: chikho pansi pa valimba chimakweza mawu chifukwa palibe sipika yoti ibweze mawuwo m'chikhomo.

Mfundo yomwe inandigonjetsa inali ya nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata masana kumaposa pamenepo. Guluu woyera wa akalipentala akatenthedwa amafewa, pomwe nsambo zisanu ndi imodzi zikukoka usana ndi usiku ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40. Pa gitala la thabwa lathunthu khosi timalimanga ndi masikuluwu anayi, likasuntha timangomanganso. La mphako ndi guluu paliponse, m'mphepete monse, pakhosi, pa timitengo ta mkati. Dzinja likafika thabwa limamwa chinyezi n'kutupa, chilimwe limauma n'kung'aluka. Kufakitale thabwa la pamwamba amalipanga pomata timatabwa topyapyala n'kutipanikiza mu chikombole kuti tikhote. Ife chikombole tinalibe, ndipo pulaiwudi wa m'mahadiweya ndi wa makabati. Kusema chitumbirira chimenecho pamanja kumafuna thabwa lochindikala la mlombwa kapena mbawa louma bwino, lomwe theka lake limathera pansi ngati zipalapala. Mbawa ndi mtengo wabwino ndithu, opanga magitala kunja amaugula pa dzina la African mahogany, koma kuupeza wouma komanso wa mapepala ake si nkhani ya masewera.

Ndiye pali zibowo zija. Fumbi la mu Seputembala limalowa, mphemvu zimaswerana, mavu amamata dothi mkati. Batani la voliyumu likafa, pa gitala wamba umatsegula kachitseko kumbuyo, mphindi zochepa watha. Pa la mphako kachitseko kulibe. Umamanga ulusi ku batani lililonse, kutulutsa mawaya onse kudzera pa kabowo kokhota kaja, kuwotcherera, kenako kukoka ulusi mpaka chilichonse chibwerere pamalo pake. Tsiku lathunthu, ndipo kasitomala akufuna alipire mtengo wa batani lokha. Wogulitsa ku Blantyre akagulitsa watha nazo. Ife amene tawagulitsa timakumana nawo pamsika, pamaliro, pa depoti ya minibasi.

Komabe ine ndinali ndi mfundo imodzi yomwe atsibweni sanathe kuigwetsa: kulemera. Gitala lathu la mlombwa wathunthu linkadula phewa, ndipo pa mapemphero ochezera usiku munthu amaima nalo mpaka tambala. Fender naye anakumana ndi vuto la matabwa olemera, n'chifukwa chake mu 1968 anatulutsa Telecaster Thinline, yomwe thabwa lake analikumba mkati. Njira imeneyo sifuna chikombole kapena kupinda mbali ndi nthunzi. Umatenga thabwa lomwe lija, kuboola ndi dirilo m'mbali, kusalaza ndi tchizulo, kusiya msana wochindikala pakati, n'kuvundikira ndi thabwa lafulati. Khosi likhale la masikuluwu, kachitseko kumbuyo kakhalepo.

Atsibweni anavomera, koma bowo anakana. Mnyamata uja anati popanda zibowo anzake sadzadziwa kuti ndi gitala la pafoni lija. Tinagwirizana zozijambula ndi penti wakuda pansi pa vanishi, zomwe kampani ya Gretsch inachitaponso pa magitala ake ena pa chifukwa chomwecho cha kukuwa. Munthu wokhala pabenchi yachitatu sangasiyanitse. Zophunzirira nyimbo pakati pa sabata tinamuuza agule ka ampulifaya kakang'ono koyendera batire ya sola, kotchipa kuposa thabwa lomwe tikanaononga.

Kuchokera pamenepo lokumbalo timapanga munthu akaitanitsa yekha ndipo wapereka theka la ndalama. La mphako yeniyeni silinalowe pa mndandanda wathu mpaka lero. Wolifuna timamulozera ku masitolo a ku Blantyre, n'kumuuziratu mtengo wodzalimatira likamatuka.

Maoda atayamba kubwera, atsibweni anakongola ndalama n'kugula matabwa a mbawa okwanira chaka chonse. Tinawaunjika kuseri kwa shopu kuti aume, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Za matabwa amenewo ndi ngongole ija ndikamba m'gawo lotsatira.