Zomwe ndaphunzira potapa dothi lokayeza mafuta

Temu ino ku yunivesite ya MUST kuno ku Thyolo takhala tikuphunzira kuboola nthaka ndi kutapa dothi lokayeza ngati lalowa petulo kapena dizilo. Munthu woonera patali angaganize kuti ndi ntchito ya mphamvu basi, kupota chitsulo choboolera chotchedwa auger mpaka manja kuchita matuza. Koma ntchito yeniyeni imayamba dothi likangotuluka m'dzenje.

Mafuta akamadontha m'thanki yokwiriridwa pansi yomwe yadyeka ndi dzimbiri, kapena akamatayikira pa galaja ndi pa chigayo cha dizilo, sakhala pamwamba ayi. Amatsika pang'onopang'ono mpaka kukapeza madzi a pansi, ndipo poti ndi opepuka amayandama pamwamba pa madziwo n'kumayenda nawo kulowera kumunsi. Kuno ndi ku Mulanje mvula imagwa yambiri. Madzi a pansi amakwera m'dzinja n'kutsika m'chilimwe, choncho mafuta aja amapakika m'dothi lonse la pakatipo. N'chifukwa chake aphunzitsi athu amalimbikira kuti tizitapa pa milingo yosiyanasiyana, makamaka pomwe dothi layamba kunyowa, komanso kuti tiziboola dzenje lina kumtunda, komwe mafuta sangafike, kuti tikhale ndi pofananizira.

Gawo lomwe landigwira mtima kwambiri ndi la kasungidwe. Mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, omwe amauluka msanga akakumana ndi mpweya. Ukachedwa kutseka, ukalifumbata dothilo m'manja n'kumalinunkhiza, kapena ukalisiya padzuwa, pofika ku labotale limaoneka labwinobwino pomwe pansi pali poipa. Ndiye timalithira m'botolo lagalasi mofulumira, kudzaza mpaka kukamwa kuti musatsale mpweya, kutseka zolimba, kulembapo nambala ya dzenje, kuya kwake ndi tsiku, kenako m'bokosi la ayezi kuti likhale pa madigiri pafupifupi 4. Chitsulo chija timachitsuka tisanapite pa dzenje lina, apo ayi timasamutsa tokha mafuta n'kunamizira malo osalakwa. Pomaliza dzenje limatsekedwa ndi dongo la bentonite kuti lisasanduke njira yotsitsira zoipa pansi.

Ena m'kalasi amati malamulowa ndi ochuluka mopyola muyeso. Ine sindikuona choncho. Benzene amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo bungwe la WHO limati m'madzi akumwa asapyole mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi. Umenewu ndi mlingo wochepetsetsa, woti mphuno kapena lilime sizingakuchenjeze. Mayi wotunga pa chitsime chosazama kumunsi kwa galaja alibe njira yodziwira, akudalira botolo lomwe ine ndatseka.

Lamulo loteteza chilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la boma loyang'anira chilengedwe la MEPA, limati wowononga chilengedwe ndiye ayenera kulipira zokonza. Koma popanda zotsatira zodalirika za ku labotale, palibe angamuloze chala.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi malo ang'onoang'ono amene palibe amawawerengera: ogulitsa petulo wa m'zigubu m'mphepete mwa msewu mafuta akasowa, ndi chizolowezi chathu chothira oyilo wakuda pa nsanamira pothamangitsa chiswe. Pa polojekiti yanga ndapempha kuti ndiboole pa malo otere m'dera la Luchenza, ndipo ndikufuna kuti zitsime za kumunsi kwake zilowe nawo m'ndondomeko yoyeza.