Turbo ikayamba kulira, yambani mwafunafuna mwaye

Chiyambireni atachimenti pa galaja ina kuno ku Zomba, dandaulo limene ndalimva kwambiri kwa eni mapikapu a dizilo ndi lakuti "turbo yapita". Munthu amafika atagamula kale. Wamva kamluzu kachilendo pokwera chitunda, wafunsa anzake pa depoti kapena ku Chinamwali, onse amuuza chimodzimodzi, ndiye akubwera kudzangofunsa mtengo womasulira yakale ndi kumangirira ina. Ena amakhala atayimba kale foni kumashopu a masipeyala ku Limbe. Zimandikhudza, chifukwa turbo si chipangizo cha ndalama zochepa, ndipo nthawi zambiri chikulira si turbo ayi. Imakhala gasiketi yopsa, bawuti yoduka, kapena payipi ya labala yong'ambika kunsi kumene diso silifika.

M'kalasi aphunzitsi anatijambulira turbo pabolodi: mawilo awiri a timapiko, olumikizidwa ndi shafiti imodzi. Wilo lina limakhala m'njira ya utsi wochokera mu injini, utsiwo n'kumalizunguza. Linalo, pozungulira limodzi ndi linzake, limakoka mpweya kuchokera ku fyuluta n'kuukankhira mu injini, kawirikawiri kudzera mu intercooler kuti uzizireko. Mpweya ukachuluka injini imatha kuwotcha dizilo wambiri, mphamvu n'kukwera. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu, injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, anailembetsa mu 1905. Chinandidabwitsa ine ndi liwiro. Shafiti ya turbo ya pikapu imazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi imodzi, injini yeniyeniyo ili pa 3,000 chabe, ndipo pa ma turbo ambiri shafitiyo imangoyandama pa kaoyilo kochepa kamene pampu ya injini imatumiza. Mbali ya utsi imatentha kupitirira madigiri 600 galimoto ikamakoka katundu.

Zonsezi ndinazilemba m'kope n'kuziloweza. Koma phindu lake ndaliwonera pa galaja. Kuyambira pa manifodi, chitsulo chimene chimasonkhanitsa utsi wotuluka mu injini, kukafika pa turbo muli utsi wopanikizika. Kuchoka pa turbo kukalowa mu injini muli mpweya wopanikizika. Paliponse pamene patseguka kampata, chopanikizikacho chimatuluka chikulira, ndipo munthu amene ali pa chiwongolero sangadziwe kuti kulirako kukuchokera pati, poti zonsezi zili moyandikana pansi pa boneti imodzi.

Amisiri amene akundiphunzitsa ntchito, bambo achikulire ofatsa, sayamba ndi kufunsa kuti ikulira bwanji. Amafunsa kuti ikulira liti. Galimoto ili chiimire, giya ili pa fulii, ukaponda faya kulira n'kukwera, ukasiya n'kutsika motsatana ndi mareve (liwiro limene injini ikuzungulira), pamenepo yang'ana lamba, beringi ya alternator kapena ya pule, chifukwa turbo siipanikiza mpweya kwenikweni injini ikakhala yopanda katundu. Kulira kumene kumabwera pokhapokha injini ikukoka, pachitunda kapena popitirira lole, ndi kwa mpweya kapena utsi umene ukuthawa, kapenanso kwa turbo yeniyeniyo. Ndiye pali kuja kwa m'mawa, injini isanatenthe, kwa tche-tche-tche, kumene kumazimiririka galimoto ikayendako pang'ono. Kumeneko ndi kwa manifodi: chitsulo chikatentha chimafufuma n'kutseka kampata kaja, mwini galimoto n'kumaganiza kuti vuto latha lokha.

Tinalandira Hilux ya D-4D (mtundu wa injini za dizilo za Toyota), ya injini ya 2KD ya malita 2.5, ya bambo ena amene amapikula matemba ku Kachulu. Anati, "Amisiri, ikangofika pachitunda ikumalira fyiii, ndipo sikukokanso ngati kale. Anzanga akuti ndi turbo." Amisiri anangoti, "Tiyeni tiimve kaye, bambo." Kenako anatembenukira kwa ine: "Iwe mphwanga, khala kutsogolo kuno, tsitsa galasi, maso ako akhale pa geji ya mareve."

Tinatenga msewu wokwera phiri wopita ku Ku Chawe. Kwa makaniko wa ku Zomba palibe malo abwino oyesera turbo kuposa amenewo. Tawuni ili pansi pa mamita 1,000, nsonga ya phiri imapitirira mamita 2,000, ndipo ukamakwera mpweya umanka nupepuka, kotero turbo imayenera kuzungulira kwambiri kuti ipereke mphamvu yomwe ija. Chilichonse chobisika chimadziulula pamenepo. M'munsi mwa mareve 1,500 kunali zii. Singano itafika cha m'ma 2,000 pa giya 3, kulira kuja kunayamba, kwakuthwa, kolasa m'khutu. Amisiri anachotsa phazi pa faya, kulira n'kuduka nthawi yomweyo. Anapondanso, kunabweranso. "Wamva?" anandifunsa. "Turbo yowonongeka siidula mawu chonchi. Mawilo ake amapitiriza kuzungulira, ndiye kulira kumatsika pang'onopang'ono ngati sayirini ya ambulansi." Potsika phiri ndinazindikiranso kuti m'kabini munkamveka kafungo ka utsi wa dizilo ngakhale ekizozi imatulukira kumbuyo kwenikweni.

Sitinagwire kanthu tsiku limenelo, poti zitsulo zinali moto. M'mawa mwake tinachotsa chibati chotchinga kutentha, ndipo anandipatsa tochi ndi kagalasi kakang'ono kuti ndiwone kunsi kwa pamene turbo imakumana ndi manifodi. Panali mzere wa mwaye wouma, wakuda bii, woyambira pamphepete pa gasiketi n'kutambalala kulowera kuchitsulo cha injini. Pafupi pomwepo bawuti imodzi inali yoduka, mutu wake kulibe. Titaliza injini ikadali yozizira ndinayandikitsa dzanja, osakhudza, ndipo ndinamva kamphepo kofunda kakundimenya pachikhatho, phu-phu-phu, motsatana ndi kugunda kwa injini. Tinawazapo madzi a sopo, thovu n'kutumphuka pomwepo. Gasiketi ya pamenepa ndi yachitsulo chopyapyala, ndipo ikamasuka mbali imodzi, utsi ukamadutsa mwamphamvu imanjenjemera n'kumalira monga limachitira tsamba la udzu limene ana amalipana pakati pa zala zazikulu n'kuliuzira.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene mphamvu inachepera. Utsi umene ukuthawira pamenepo ndi womwe unayenera kukazunguza turbo. Ukathawa usanafike pa wilo, turbo imachedwa kudzuka, mpweya umachepa, galimoto n'kumalemera pachitunda. Kubowoka kwa payipi ya ekizozi kumbuyo kwa turbo n'kosiyana: phokoso limakhala lalikulu, lonyansa, koma mphamvu siitsika. Choncho mwini galimoto akadandaula zonse ziwiri, kulira ndi kufooka, maso ayambire pakati pa injini ndi turbo, osaiwala kapayipi ka EGR, kobwezera utsi wina mu injini, kamene nakonso kamang'aluka.

Kuchotsa chotsalira cha bawuti ija kunatidyera tsiku. Amisiri anaboola pakati pake mosathamanga, kuopa kuwononga mazinga. Asanaike gasiketi yatsopano anagoneka lula yachitsulo pankhope ya manifodi n'kuunikira tochi kuseri, kuti awone ngati kuwala kukudutsa. Manifodi yopindika imawotchanso gasiketi yatsopano posakhalitsa, ndipo kupakapo gamu sikuthandiza pamalo otentha chotero. Ya bambo aja inali yowongoka. Anapita kwawo ndi turbo yawo yomwe ija.

Mbali ya mpweya ili ndi zizindikiro zakezake. Payipi ya intercooler ikang'ambika kapena kilampu ikamasuka, mawu ake amakhala a tsiii, ofewa kuposa a gasiketi, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi wakuda, poti dizilo akulowa wokwanira koma mpweya womuwotchera ukutayikira panjira. Pamenepa sufunafuna mwaye wouma koma kachinyezi ka oyilo kogwira fumbi, chifukwa m'mapayipi amenewa mumayenda kaoyilo pang'ono kochokera ku breather (kapayipi kopumira injini), ndipo pamene pang'ambika kamatulukira pomwepo. Ng'ambiko wina suoneka payipi ikakhala yopanda mpweya, umatseguka ikafufuma. N'chifukwa chake timaifinya ndi manja mbali zonse, makamaka kunsi ndi pamene ikukhudzana ndi chitsulo, kapena timatseka mbali imodzi n'kupoperamo mpweya pang'ono, osapitirira bar imodzi pa geji ya mpweya, n'kuwaza sopo. Pa magalimoto amene amawerengeka ndi kompyuta nthawi zina pamatuluka nambala ya P0299. Nambalayi imangonena kuti mpweya wopanikizika sukufika pamlingo wake. Siinena kuti turbo yafa, ngakhale ambiri amaiwerenga choncho.

Turbo yeniyeniyo timaifikira pomaliza, ndipo kuiyesa sikuvuta. Injini ili yozimitsidwa komanso yozizira, timachotsa payipi yochokera ku fyuluta, n'kugwira nati ya pakati pa wilo ndi zala ziwiri. Kugwedezeka pang'ono cham'mbali sikulakwa, popeza oyilo woiyandamitsa palibe nthawi imeneyo. Cholakwika n'chakuti timapiko tifike pokhudza khoma, kapena shafiti iziyenda kutsogolo ndi kumbuyo moti chala chikumva bwinobwino. Timaunikanso timapikoto: ngati nsonga zake zadyeka, zapindika kapena zabenthuka, wilo silizunguliranso molingana, ndipo ndiko kumachokera kulira kwa sayirini kuja. Oyilo wochita kudikha m'mapayipi pamodzi ndi utsi wabuluu ndi chizindikiro choopsa. Injini ya dizilo imatha kuyamba kuwotcha oyilo wakewo n'kuthamanga yokha, ngakhale utachotsa kiyi. Zikatero amisiri anandiuza kuti ndiponde buleki, ndilowetse giya yapamwamba n'kusiya kilatchi kuti izime, kapena nditseke polowera mpweya ndi chinthu cholimba ngati thabwa, osati dzanja kapena sanza.

Gawo limene ndalikonda kwambiri m'maphunziro onsewa ndi lofufuza chimene chapha turbo, chifukwa kawirikawiri siifa yokha. Galimoto zimene zimayenda m'misewu yafumbi ya kunyanja ya Chilwa m'chilimwe zimafika fyuluta ya mpweya itatsekeka, ena ataiboola poipopera mpweya wamphamvu, ena ataichotseratu. Fumbi likamenya timapiko pa liwiro lija limatidya. Oyilo wokhalitsa kapena wosadziwika kumene wachokera amatseka kapayipi kopita ku turbo, ndipo shafiti ikasowa oyilo kwa kanthawi kochepa chabe, yatha. Chinanso ndi chizolowezi chozimitsa injini pomwe wangofika pamwamba pa phiri. Pampu imaima, oyilo wotsalira mu turbo yotentha amapserera n'kusanduka makala. Kuisiya injini ikulira mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse sikutha dizilo wambiri. Amene amangirira turbo yatsopano osatsuka intercooler, osasintha oyilo ndi mafyuluta, osayang'ana kapayipi kolowetsa oyilo ndi kobwezera, osathiramo oyilo pang'ono asanalize, adzabweranso ndi dandaulo lomwelo.

Pa injini za D-4D pali chinanso chimene chimasokoneza khutu. Mawasha a kopa a pansi pa manozo, zipangizo zopopera dizilo mu injini, akatha, utsi umathawira m'mbali mwa nozo. Ena amamva kugunda kwachilendo m'mawa n'kuganiza za manifodi. Kuopsa kwake n'kwakuti mwaye umenewo umalowa mu oyilo, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo mu sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini), ndipo injini yonse pamodzi ndi turbo zimasowa oyilo. Ndiye turbo ikafa pa injini imeneyi, amisiri amafuna awonenso mawashawo ndi sefa ija asanamange china chilichonse.

Nkhani ya utsi wothawa siithera pa mphamvu ya galimoto. Mapikapu athu amanyamula anthu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ena pansi pa kanope. Utsi wotuluka pansi pa boneti umalowa m'kabini kudzera m'mabowo a mawaya ndi molowera mpweya, ndipo muli carbon monoxide amene alibe fungo. Dalaivala amene akudandaula mutu ndi tulo pa ulendo wa ku Liwonde kapena ku Blantyre, magalasi ali otseka, ndimamufunsa tsopano ngati amamva fungo la dizilo m'kati. Ndimaona kuti makaniko akapeza mwaye pa manifodi ayenera kumuuza mwini galimoto zimenezi momveka, ngakhale mwiniyo atati kulirako akhoza kukupirira mpaka atapeza ndalama.

Panopa ndayamba kuwerenga za turbo ya injini ina ya D-4D, ya 1KD ya malita 3.0. Imeneyi ilibe kachitseko kotayira utsi kamene kali pa ma turbo akale. M'malo mwake ili ndi timapiko tina tozungulira wilo la utsi, timene kamota ka magetsi kamatitsegula ndi kutitseka malinga ndi mmene injini ikukokera. Galimoto ikamangoyenda pang'onopang'ono m'tawuni, mwaye umatha kutimata, ndipo mphamvu imabwera mochedwa kapena mopitirira mpaka kompyuta kuichepetsa yokha. Pa benchi pali ina imene amisiri anaisunga kuti tiimasule, tiitsuke, ndiwone ndi maso mmene timapikoto timayendera tisanaibwezere pamodzi.