Geji ikuti zonse zili bwino, koma zilembo zikutuluka zonenepa

Mwezi uno ndikuphunzira kuwotcha (kuwalitsa ndi nyali ya UV) mapulete osindikizira a photopolymer, ndipo nkhani imene yandidyera nthawi kwambiri ndi ya kampweya kotsalira pakati pa filimu (pepala lakuda lokhala ndi zilembo zoonekera) ndi pulete mu vacuum frame, chipangizo chimene pampu imakokamo mpweya kuti filimu igone pa pulete. Pulete imeneyi imalimba pamene pagwera kuwala kwa UV, ndipo pamene filimu yatchinga pamakhalabe pofewa, n'kuchoka potsuka ndi madzi ndi burashi. Ndiye filimu ikangonyamuka pang'ono, kuwala kumalowerera kunsi kwa mbali yakuda. Zilembo zimanenepa, timabowo ta "a" ndi "e" timatsekeka, mizere yoyera yopyapyala n'kusowa.

Chimene ndagwira n'chakuti geji ya pa frame imangonena mmene pampu yakokera mpweya, sinena ngati filimu yagona pa pulete paliponse. Mpweya wa m'mphepete ukatuluka msanga, m'mphepetemo mumamatirira kaye, wa pakati n'kutsekeredwa ngati thovu lotsalira pansi pa chigamba cha chubu cha njinga. Muvi wa geji umakwera bwinobwino, koma pakati pa pulete pali mpata.

Komanso nambala za geji zolembedwa m'mabuku zimafuna kuziwerenga mwanzeru. Pamalo ofanana ndi nyanja yamchere mpweya umakanikiza pafupifupi mainchi 30 a mercury (muyezo wa pa geji), pamene ku Lilongwe, komwe n'kokwera mamita oposa 1,000, pampu ngakhale yatsopano singapitirire 26 kapena 27. Munthu angataye ndalama kugula pampu ina pomwe yakeyo ilibe mlandu.

Aphunzitsi athu amati tiziyamba ndi kufunsa kuti vuto lili pati. Ngati pulete yonse yanenepa mofanana, kawirikawiri si mpweya ayi: mwina tawotcha nthawi yaitali, mwina kuda kwa filimu n'kosakwanira, kapena filimu yaikidwa chagada, mbali ya mankhwala osayang'ana pa pulete. Koma likakhala la zigambazigamba, ndi kukhudzana kumene kwavuta. Pamenepo timadula kapulete kena, kuika malo ena mu frame, n'kuwotchanso. Chilema chikatsatira filimu, ndiye kuti filimuyo ili ndi khwinya kapena fumbi lomatirira. Chikasowa kapena kusuntha, tiyang'ane frame: labala wa m'mbali, payipi, timabowo tokokera mpweya, kapena kreene, pepala la pulasitiki lophimba filimu ndi pulete pamwamba, limene likakalamba limachita makwinya ndi timabowo.

Kambewu kamodzi ka fumbi kamaonekera mwa njira yakeyake. Kamanyamula filimu mozungulira, ndipo zilembo zonse za pafupi zimafufuma mozungulira momwemo. Pulete ya chitsulo kumsana nayo ili ndi zake: ikadulidwa ndi mpeni wobuntha, m'mphepete mumapindika n'kutukula filimu, mwinanso kuboola kreene. Kupalapo ndi tupa kumatha nkhaniyo.

Chimene ndachikonda kwambiri ndi nzeru ya filimu yokhakhala pang'ono, ya matte. Pamwamba pa pulete pamakhala pomata, makamaka nyengo ya mvula chifukwa mapulete otsuka ndi madzi amakoka chinyezi. Filimu yosalala imamatirira pomwepo, mpweya n'kusowa potulukira, pamene yokhakhala imausiyira tinjira. Ena amawaza paudala wochepa kwambiri n'kumupukuta ndi burashi yofewa, koma ine ndikuona kuti ndi bwino kuyamba ndi filimu yoyenera, chifukwa paudala akachuluka amasanduka fumbi lomwe tikuthawalo.

Tsopano ndikayatsa pampu sindithamangira kuyatsa nyali. Ndimasisita kreene ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako kuwerama n'kuyang'ana chammbali ngati pali potuwa kusiyana ndi penapo. Sabata yamawa tiyesa timizere tapulasitiki toika m'mphepete mwa pulete kuti mpweya uziyenda mpaka pa timabowo, ndipo ndikufuna kuona ngati tingathandize pa mapulete akuluakulu, amene pakati pake pamavutabe.