Zikomo kwa a mphakati amene munakhala nane chete

Loweruka lapitali talowa m'nyumba yathu yatsopano kumtunda kuno, kufupi ndi Bangula. Ndi ya njerwa zowotcha, zipinda ziwiri, mawindo tikadatseka ndi masaka. Ndisanayambe kuitana anthu kudzaiona, ndati ndithokoze pagulu.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, Ruo ndi Shire zinakumana m'mudzi mwathu ku Makhanga. Tinatuluka pa bwato ndi zovala za m'thupi basi. M'dziko lonse anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, ndiye sindinganene kuti tsoka linasankha ine. Amene munatipatsa ufa, mapepala ofolera ndi ndowa kumsasa, Mulungu akubwezereni. Alamu anga amene munaumba njerwa dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka kumapazi, zikomo.

Koma ambiri simukudziwa kuti thupi litapulumuka, mutu unatsala m'madzi. Mvula ikangoyamba kudontha usiku ndinkadzutsa ana n'kumanga katundu. Tulo kunalibe.

Amene anandikokera ku mphakati, kagulu kakang'ono ka Akatolika kopempherera limodzi, ndi mayi ena achikulire oyandikana nafe tenti. Tinkakhala pansi pa mtengo wa nimu madzulo, kutsata masitepe asanu ndi awiri aja ogawana Mawu, amene anachokera ku Lumko, malo a maphunziro a Akatolika ku South Africa: kuitana Ambuye, kuwerenga, kubwereza mawu amene akukhudza, kenako kukhala chete. Kale kwathu chete ameneyu tinkamudumpha, kuthamangira nyimbo ndi zopereka. Kumsasa akatekisi anati ayi, apa ndiye tikhalitsepo. Anthu akuluakulu, maso otseka, kumangomva mpweya ukulowa ndi kutuluka, ana akusewera patali. Poyamba ena ankaseka, amati mapemphero opanda kolasi ndi mapemphero anji.

Tikatsegula maso, aliyense ankadzifunsa mokweza, mofanana ndi mmene Ignatius Woyera wa ku Loyola ankaphunzitsira kuunika tsiku: lero ndalandira chiyani, mtima unalemera pati, ndikuopa chiyani kwenikweni? Lamulo linali loti wina akamalankhula palibe womulangiza, palibe womuuza kuti limbani mtima, ndipo zonenedwa pamenepo sizipita kuchigayo kapena kumjigo. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli ndi limene linatichiritsa, chifukwa olangiza kumsasa anali ochuluka kale.

Tsiku lina tinawerenga Marko 4, pamene Yesu anadzuka kutulo n'kuletsa namondwe panyanja. Bambo wina amene anataya mwana anangoti, "Kwathu sanadzuke." Palibe anamuyankha, ngakhale akatekisi. Tinakhala naye chomwecho mpaka mdima, ndipo sabata yotsatira anabweranso. Achimwene, ngati mukuwerenga, munatitsegulira pakamwa tonse.

Ine funso langa linali lobwerera kapena kusabwerera. Wa kumtunda sangamvetse msanga chifukwa chimene timakakamira kuchigwa. Madzi akaphwa dimba limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza, nsomba zili pafupi, ndipo manda a makolo ali komweko. Nditadzifunsa kambirimbiri pamaso pa anzanga ndinapeza kuti chondigwira si dimba ayi, koma manda a mayi anga. Nditalitchula, ndinatha kusankha: tigona kumtunda, tizikalima kumunsi nyengo ya chilimwe. Ena m'gulu lomwelo anasankha kubwerera, ndipo sitinawaweruze.

Zikomo amayi a Chisilamu ndi a mipingo ina amene munkakhala nafe osafunsa kuti mwambowu ndi wa yani. Zikomo amene munkalankhula Chisena, ena Chimang'anja, tonse n'kumamvana. Zikomo amuna anga posandifunsa zimene ndinkanena kumeneko.

Mvula ikamagwa mtima umagundabe, koma katundu sindimanganso. Timakumanabe Lachitatu madzulo, ndipo sabata ino tikumana pakhonde panga. Mubwere ndi mphasa zanu, mipando sindinagule. Nsima ya mapira ndi mlamba wowamba ndikonza ine.